Mayi anang'amba majombo kuti mapazi alowe

Aphungu,

Ndili Fomu 3 ndipo ndilibe wina womuuza. Bambo anga anagwa n'kumwalira ku Mutare mu 2005 akukankha ngolo ya katundu, patangotha mwezi nyumba yathu ya m'dera la Sakubva mumzindawo itagumulidwa. Adokotala anati unali mtima. Ine ndi mayi tinabwerera ku esiteti ya tiyi kumene mayiwo anabadwira, makolo awo atachokera ku Malawi. Anawalemba ntchito yothyola masamba, n'kutipatsa chipinda kukomboni.

Tsopano mayi akutupa mapazi. Sabata yatha ndinapeza majombo awo atang'ambidwa ndi mpeni kuchitendene kuti mapazi alowe. Pokwera mtunda ndi dengu amaima katatu, n'kumanamizira kumanga chitenje. Kukiliniki mankhwala a BP anatha kalekale. Mutu ukawawa amamwa theka la piritsi la BP la Amai Rosaria, anzawo a kutchalitchi. Ndiwo zathu ndi masamba a mchere wambiri, poti mafuta kulibe.

Nditawafunsa anati, “Iwe, ukangotsegula pakamwa kapitawo amva. Wodwala sakhala m'nyumba ya kampani. Anzathu ali ndi kumusha kwawo, ife tilowera kuti? Ku Malawi ndikudziwako ndani?”

Ndikanena titaya nyumba. Ndikakhala chete ndikuopa zija za bambo. Nditani?

T.G., Ruda

Mwanawe T.G.,

Sindikunamiza. Kwa munthu wa BP, kutupa mapazi ndi kubanika pamtunda kungasonyeze kuti mtima ukulefuka. Matendawa amawadziwa amphawi, m'tauni ndi m'komboni momwe: nkhawa, mchere, ntchito yosapumira, kiliniki yopanda kanthu. Ndipo mantha a mayi ako si achabe.

Usapite kwa kapitawo. Pita kwa Amai Rosaria, uwaonetse majombowo. Mayi angakukalipire iwe, koma mnzawo wa kutchalitchi amumvera. Awaperekeze kuchipatala cha mishoni sabata ino, akayezedwe, akapemphenso kalata yoti apatsidwe ntchito yopepuka. Akanene zoona za mapiritsi obwerekawo, chifukwa BP sachiza ndi theka mutu ukawawa. Mchere uzithira ndiwe, pang'ono. Akabanika ali chikhalire, kapena chifuwa chikawawa, itana anthu osayembekeza chilolezo chawo.

Sindingakulonjeze kuti mankhwala akawapeza chaka chino, kapena kuti nyumbayo mukhalabemo. Koma chenjera ndi chete wakoyo. Chipindacho chinalembedwa m'dzina la mayi ako. Tsiku limene adzagwe pakati pa tiyi, kiyi adzalandidwabe, ndipo udzatulukamo wekha.

Aphungu