Ndakhala Ndikuchapa Mawu Anu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Kuno tilipo. Ndikudziwa kuti mukanandidzudzula kuti "tilipo" si yankho, munthu azinena mmene wadzukira, koma ine sindikudziwa mmene ndimadzukira masiku ano. Chichokereni inu ndimadya, ndimagona, ndimapita ku tchalitchi n'kubwerako. Pamaliro panu sindinalire. Azimayi ankandiyang'ana cham'mbali, kenako anagwirizana kuti Esime ndi wolimba mtima. Si kulimba mtima ayi, Amayi. Ndangokhala ngati phazi lomwe munthu walikhalira nthawi yaitali, loti ngakhale ulitsine silimva.

Chimanga chaka chino chinachita mwa apo ndi apo. Nandolo ndiye wabereka, koma mavenda a pa Njuli akugula ngati akutichitira chifundo. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi anafa. Mjigo wa kumunsi unathyoka ndipo komiti ikadakumanabe. Mkazi wa mlongo wanga Fanuel anachira bwinobwino ku Nguludi, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Atandipatsira kuti ndimunyamule aliyense anatembenukira kwa ine, akudikira kuti mwina lero. Ndinaona kuti ndi wolemera bwino, ndinanena choncho, n'kumubweza kwa amake.

Nkhani yomwe ndalembera kalatayi ndi ina. Chiliza chanu chatha kumangidwa ndipo tidzachitsegulira mwezi wamawa. Tsiku lomwe tinakumana kukambirana za mwambowo, Fanuel anatulutsa foni yake n'kutionetsa kavidiyo komwe anajambula m'nyumba mwanu ku Namitambo, tsiku lomwe mwana wake woyamba, Takondwa, anayamba kuyenda. Inu simukuonekamo, kukungooneka mapazi anu ndi lichero la nyemba pamiyendo. Mvula ikugwa pa malata mwamphamvu, ndipo penapake pakati pa mvulayo mukulankhula. Amalume a Mateyu atamva anandiloza n'kunena kuti, "Iwe Esime, si ndiwe wa makompyuta? Uwakonze mawu amenewa amveke bwino pa masipika. Anthu adzamve mlongo wanga akulankhula pa tsiku lake."

Ndinavomera, ndipo sikuti chifukwa cha amalume okha. Tafufuza m'mafoni a aliyense, Amayi, mawu anu kulibe kwina. Inu amene munkayamba kulankhula tambala asanatsike mumtengo, chomwe chatsala ndi kavidiyo kameneko basi. Mwina mukukumbukira mmene munkakanira tikafuna kukujambulani, mumvekere, "Mukufuna munditsekere m'botolo ngati chiwala?" Tsono vuto langa ndi ili: ndayamba kuiwala mmene munkamvekera. Zomwe munkanena ndikuzikumbuka zonse, koma m'mutu mwanga zimabwera ndi mawu anga, ngati ndikuwerenga. Ndinkafuna ndikumveninso mawuwo asanatheretu.

Ntchito yanga ikadali yomwe ija munkaitcha ukazitape. Anthu a ku Blantyre amanditumizira zomwe ajambula pocheza ndi alimi, ine ndimamvetsera n'kumalemba pa kompyuta liwu ndi liwu. Zaka zonsezi ndinkagwiritsa ntchito timahedifoni tolowetsa m'khutu tomwe anyamata amagulitsa pa siteji. Nditayesa kumvera kavidiyo kanu pa timeneto, ndinangomva mvula yokhayokha ndi munthu wolankhulira kutali ngati ali m'chitsime. Ndiye ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukafuna mahedifoni enieni, akuluakulu ophimba khutu lonse.

Sindinkadziwa kuti kusankha mahedifoni kuli ngati kusankha mkamwini. Aliyense amaoneka bwino ali pa shelefu. Mnyamata wa m'sitoloyo anayamba wandiveka ena ofiira, akuti, "Asisi, tengani awa, besi yake imagwedeza ubongo." Ndinamuuza kuti sindikufuna kuvina, ndikufuna kumva munthu. Anandionetsa ena okhala ndi timabowo kunja, akuti otsegula. Amenewo mawu ake ankamveka motakasuka, ngati munthuyo wakhala nawe pakhonde, koma phokoso lonse la mumsewu linkalowanso momasuka. Ndinakumbukira chigayo cha kuseri kwa nyumba yomwe ndikuchita lendi pa Njuli ndi mahutala a akabaza, ndipo ndinawavula. Ndinatenga otseka, akuda, osachulutsa besi, okhala ndi timapilo tofewa kuti asamandifinye magalasi. Poyesa ndinagwiritsa ntchito mawu a mlimi wina wodandaula za feteleza. Anu sindinafune kuti amveke m'sitolo ya eni.

Nditafika kunyumba n'kuwalowetsa pa kompyuta, chinandilandira ndi kulira kwa ng'ooo, kwa pansipansi, kosalekeza. Timahedifoni takale tija tinkabisa kulira kumeneku, atsopanowa sabisa kanthu. Ndinasintha chingwe, ndinasuntha tebulo, ndinachotsa foni pafupi, koma kunalipobe. Ndinadzazindikira kuti kumayamba ndikalumikiza kompyuta ku magetsi, makamaka a Escom akathima ndikayatsa a sola. Mnzanga wina wa ntchito yomweyi anandilangiza kugula kabokosi kakang'ono kokuzira mawu, kolowetsa pa USB, kuti mahedifoni azilowa m'menemo osati pa kompyuta penipeni. Kali ndi kogudubuza kamodzi kokwezera ndi kutsitsira. Nditakalumikiza kunangoti zii. Kuyambira tsiku limenelo ndinadana ndi chilichonse cholira ng'ooo, ndipo khutu langa linaphunzira kuchisaka.

Kenako ndinayamba ntchito yomwe ine ndimaitcha kuchapa. Pa kompyuta pali chinthu chotchedwa ikwalaiza, mzere wa timabatani tokankhira m'mwamba kapena m'munsi. Ta kumanzere ndi ta mawu a pansi onenepa, besi ija, ta kumanja ndi ta mawu osongoka, ndipo pakati ndi pomwe pamakhala kulankhula kwa munthu. Ndinatsitsa ta kumanja, mvula inachepa. Itachepa ndinamva ng'ooo wina pansi pake, kuyambira poyambira mpaka pothera, ndipo ndinati mumtima mwanga, wabweranso iwe. Ndinatsitsa ta kumanzere mpaka pansi. Zotsalira ndinazipatsa pulogalamu ina yomwe umailawitsa phokoso iyo n'kulichotsa paliponse pomwe yalipeza. Ndinkachita pang'onopang'ono masana aliwonse ndikaweruka, ndikukumbukira zomwe munkandiuza ndikamathamangira kutola miyala mu mpunga, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo mawu anu anatuluka, Amayi, oyera mbee. Takondwa akudzandira, amake akutambasula manja, inu n'kunena kuti, "Musamugwire mwanayo. Musiyeni agwe, adzuka yekha."

Ndinadikira kuti mwina china chake chichitika mwa ine. Nditayang'ana pa kompyuta ndinapeza kuti zala zanga zalemba kale, mmene zimachitira tsiku lililonse zikamva munthu akulankhula. Zinali zitatsegula tsamba latsopano n'kulemba kuti, Mayi wachikulire, kenako mawu anuwo. Ndinaliyang'ana tsambalo nthawi yaitali. Ndinaona kuti pena pakusowa mpumiro, ndinauikapo. Kenako ndinapita kukaanula zovala.

Sabata yatha kunabwera amayi aang'ono a Felesiya, mng'ono wanu, akuchokera kukayezetsa BP. Miyendo ikuwavutabe koma pakamwa ali bwinobwino, anayamba andifunsa chifukwa chomwe ndawondera komanso ngati m'nyumba muno mumalowako tsache. Ndinawauza za mawu anu. Anakhala pa mpando wanga wa ntchito mosamala ngati uwaluma, ine ndinawaveka mahedifoni pamwamba pa duku. Anamvetsera, maso ali pa khoma. Atatha analankhula mokweza, pajatu munthu akavala zimenezi sadzimva, akuti, "Mawuwo ndi awo ndithu. Koma achemwali akukhala ngati akulankhulira mu ofesi ya boma. Tabwereza."

Ndinabwereza. Poyambirira pa kavidiyoko, inu musanalankhule, tsopano panali pa zii chifukwa ndinali nditachapapo bwino. Pamenepo amayi aang'ono anayamba kuyimbira m'mphuno, chapansipansi, pakamwa potseka, mutu ukugwedezeka pang'ono. Iwo sankadziwa kuti akutero. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndipo kulirako ndinakuzindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndinali nditatha masabata ndikukuthamangitsa. Apa m'pamene mutu wanga unabwerera. M'nyumba mwanu munalibe magetsi, Amayi. Munalibe sola, munalibe chingwe chilichonse. Fanuel ankajambula ndi foni ya m'manja. Panalibe chinthu choti n'kulira ng'ooo m'nyumba imene ija kupatula munthu.

Ndinatsegula kavidiyo koyambirira kosachapa kaja, n'kubweza timabatani tonse pakati pomwe tinali. Mvula inabwerera ndi mphamvu zake zonse. Pansi pake munali inu, mukung'ung'udza kanyimbo kanu kaja kopanda mawu, kosakhala ka kutchalitchi kapena ka kumunda, komwe munkayamba manja anu akangogwira lichero. Munayamba Fanuel asanayatse foni, munalekeza pang'ono kuti munene za mwanayo, n'kupitiriza pomwe munasiyira. Ine ndinkalimbana ndi timawu tochepa tija, pomwe kavidiyo konseko munadzazamo inu.

Amayi aang'ono anasiya kuyimba n'kumvetsera mpaka kumapeto. Anavula mahedifoni okha, anawaika patebulo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Eya. Amenewo ndiye achemwali." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, anandikumbutsanso za tsache, n'kupita kukadikira minibasi.

Atapita ndinakhala pampandopo n'kuvala mahedifoni. Timabatani ta kumanzere, tomwe ndinkatikana kuyambira m'sitolo muja, ndinatikweza pang'ono. Ta kumanja ndinatisiya, mvula igwe mmene inagwera. Manja ndinawakhalira kuti asalembe. Mahedifoni otsekawa, mawu a pansi samangolowa m'khutu, amafika m'nsagwada ndi m'khosi, ndipo ndinakumbukira kuti kanyimbo kameneka sindinayambe kukamva ndi makutu. Ndinayamba kukamva ndili kumbuyo kwanu, tsaya langa lili pamsana panu. Misozi sinabwere, ndisakunamizeni. Koma ndinakusowani, Amayi, koyamba chikuikireni m'manda, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka chigayo chinatseka.

Ndayesa kuika kavidiyo kosachapako pa sipika ya akwaya kuti ndione ngati kangamveke pagulu. Sikamveka. Panja kanyimboko kamathawa, kumangotsala mvula. Nditawauza amalume anakwinya nkhope, akuti, "Ndiye anthu achoke kutali kudzamvera malata?" Sindinalimbane nawo. Ndawapatsa mawu ochapa aja, ndipo adzamveka bwino mpaka kumsewu, anthu adzagwedeza mitu kuti zoonadi ndi mawu a malemu. Koma ine ndidzanyamula kompyuta, kabokosi kanga ndi mahedifoni. Mwambo ukadzatha ndidzaitana amene tinaberekedwapo pamsana panu kuseri kwa nyumba, mmodzimmodzi, kuyambira Fanuel. Iye sindinamuuze chilichonse, akuganizabe kuti anajambula mwana wake akuyenda.

Dzulo ndinatsegulanso tsamba lomwe zala zanga zinalemba lija kuti ndilifufute. Pa ntchito yathu, chinthu chikamamveka koma chosalembeka timaika liwu limodzi n'kupitirira. Pamwamba pa mawu anu, pamalo pa kanyimbo kanu, ndinapeza kuti ndinalembapo kuti phokoso. Ndalifufuta liwu limenelo. Ndakhala ndikuganiza choti ndilembepo m'malo mwake, sindinachipeze, ndiye pangokhala popanda kanthu.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale nkhope yanga sinaphunzire kuonetsa. Ndikulonjeza kuti sindidzakuchapaninso. Mukhala momwemo ndi mvula yanu.

Ndine mwana wanu,
Esime