Mpata wa Pamwamba pa Khoma

LACHIWIRI

Wailesi 10:12
achimwene, akalipentala anu aja afika. abwera ndi mabodi a siling'i komanso zimabulangeti zachikasu zoyabwa koopsa

Achimwene 10:20
Usazigwire. Zimenezo aziyala pamwamba pa siling'i kuti kutentha kusamathawire kumalata

Wailesi 10:21
ndagwira kale 😭

Wailesi 10:23
nde aneba a kuseri aja akuti mwalemera kutauniko, mukuwamangira amayi hotela. anakauzanso mayi wa pasaluni uja, pano nkhani yafika poti mwagula ndi galimoto

Achimwene 10:31
Anawauza ndani ngati si iwe Wailesi? Kawauze kuti nkhani ndi chifuwa cha amayi. Hita imayaka mpaka m'mawa koma m'chipinda muli zii. Timangowothetsa akhwangwala padenga

Wailesi 10:33
😂😂 koma ndifunse. atsekanso mpata uja wa pamwamba pa khoma, pakati pa chipinda changa ndi cha amayi?

Achimwene 10:34
Eya. Mpata umenewo ndi umene umaba kutentha. Bwanji, miseche isowa polowera?

Wailesi 10:52
mmm

LACHITATU

Wailesi 16:05
amaliza!! aikanso labala pansi pa zitseko, ming'alu ya pawindo amata. masana muno simukuwotcha ngati kale, akuti nyengo yotentha fani tidzaiwala. amayi angoima pakati pa chipinda kuyang'ana kumwamba ngati ali mutchalitchi

Achimwene 16:40
Bho. Hita muziyatsa pang'ono n'kuzimitsa, kutentha kuzikhala momwemo

LACHINAYI

Wailesi 06:48
🎤 mawu 0:51
"Achimwene ine sindinagone. Kutentha kulipo inde, bulangeti limodzi ndinachita kuliponya pansi. Koma kuli chete. Kale chifuwa cha amayi chikayamba kulira ngati ketulo ndimamva ndili pabedi panga, n'kudzuka kukawapatsa pampu yawo ya mphumu ija. Iwo saitana, mukuwadziwa. Lero ndagunditsa khutu kukhoma mpaka lazizira, osamva kalikonse."

Achimwene 07:30
Dikira. Wakhala ukudzuka kangati?

Wailesi 07:31
kukazizira pafupifupi tsiku ndi tsiku

Achimwene 07:31
Ine amandiuza kuti mphumu inachepa

Wailesi 07:33
amatero kt musamadandaule kuntchito. ine nde mumati ndimalongolola koma iyi yokha ndinaisunga

Achimwene 07:45
Uzikagona kuchipinda kwawo

Wailesi 07:46
ndapempha kale. akuti "ine ndine wodwala woti azindilondera? pita kwako". ndipo chitseko amakhoma, akuti akuba

Achimwene 07:50
Tione kaye. Poti muli motentha mwina zichepa

LOWERUKA

Wailesi 06:20
achimwene

Wailesi 06:22
ndapeza kapu itasweka pafupi ndi bedi la amayi, pampu ili pansi yotsegula. akuti ndi khoswe. khoswe amatsegula pampu?

Wailesi 06:23
mawu awo asasa. maso ofiira

Wailesi 07:58
muli pa intaneti ndikukuonani

Wailesi 09:15
sindinamve kanthu achimwene. ndinagona tulo tabwino kwambiri. nde chikundiwawa n'chimenecho

Achimwene 11:02
Sorry ndinali pamakwerero, foni inali m'thumba. Ndawaimbira. Akuti ali bwinobwino, iweyo ukukokomeza

Wailesi 11:03
nde mwakhulupirira?

Achimwene 11:03
Ayi. Amapumira pakati pa mawu

Achimwene 11:10
Ndiwauza akalipentala abwere Lolemba achotse bodi imodzi pamwamba pa khomalo

Wailesi 11:26
ndaganiza ganiza. musachotse. chiikireni siling'i zikuoneka kt abanika kamodzi kokha, kale zikanakhala katatu. mukaboola mphepo ibwereranso. ine ndiziwamva inde koma ndizimva akuvutika

Achimwene 11:28
Nde ndigule belu la pabedi

Wailesi 11:29
munthu wokana kuitana mwana wake aimba belu? aziyanikapo mpango

Achimwene 11:41
Ndimayesa ndawathandiza

Wailesi 11:42
mwawathandiza. kungoti nyumba yakale ija inali ndi makutu, sitimadziwa

Wailesi 13:37
achimwene ndapeza nzeru koma mundithandize kunama pang'ono. muwaimbire muwauze kt akalipentala anena kt nyumba ya siling'i imafuna hita imodzi basi, ziwiri n'kuononga magetsi. yangayi ndiibisa kwa aneba. nde ine ndizizidwa, ndilowera kuti?

Achimwene 13:44
Theka lake si bodza. Anthu awiri chipinda chimodzi, hita imodzi, magetsi amachepadi

Wailesi 13:45
eyatu. za chifuwa musatchule olo pang'ono. mukangotchula akana. koma mawu oti kuononga amawaopa kuposa imfa

Achimwene 13:46
Koma aneba akowo sakaulula?

Wailesi 13:46
ndili ndi nkhani zawo zitatu m'thumba. sangayerekeze

Achimwene 15:20
Ndawaimbira. Angoti "ndamva" n'kudula

Wailesi 15:21
ndamva yotani? yokwiya kapena yabwino?

Achimwene 15:22
Ya amayi

Wailesi 17:49
amayi akungopinda zovala

Achimwene 18:30
Zili bwanji?

Achimwene 19:05
Wailesi?

Wailesi 19:24
🎤 mawu 0:22
"Ndinali kukoka matilesi, pepani. Ndinaima pakhomo pawo ndikunjenjemera mwadala, mano gwedegwede. Andiyang'ana nthawi yaitali. Kenako asuntha dengu la zovala paja pambali pa bedi, n'kuti, ukamaliza seweroli ukatenge ndi pilo, ndipo pampu ndimaika pansi pa nyale apa, usamachite kufufuza mumdima."