Masheya a Malemu Bambo

De Pere, Wisconsin
14 Malichi

Okondedwa achemwali a Charlene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu a Ruben ndi ana. Kodi bondo lija linasiya kuvuta, kapena mukungolikoka m'makonde a chipatala monga mwa khalidwe lanu? Kuno tilipo. Mlamu wanu Trudy anagona ndi chimfine sabata ziwiri, koma wayambanso kundilongolola, ndiye kuti wachira. Amayi akudya, akuyenda, mankhwala akumwa. Chipale chofewa chikadali cholekeza m'mawondo pamene inu mukuwotha dzuwa la ku Tucson.

Mudabwa kuti Lyle walemba kalata foni ilipo. Ndakuimbirani kanayi konse kuti ndinene nkhaniyi, koma mukangoyankha ndimayamba kukamba za nyengo. Pepala silidula munthu mawu. Mundilole ndinene zonse, mukalipe pomaliza.

Ndi za mwala wa pamanda a bambo. Mwalawo kulibe, achemwali. Mukabwera mu Meyi pa tsiku lokumbukira akufa, simuupeza.

Ndalama zanu zija zinafika bwinobwino, madola 1,500, patangotha sabata titaika maliro. Ndinapita nazo kwa a Duane Peeters, osema miyala aja a kuseri kwa tchalitchi. Iwo anati nthaka yayamba kale kuuma ndi chisanu, maziko sangathiridwe, ndibwerenso mu Epulo. Ndinabwerera nazo kunyumba, n'kuzisunga.

Ndiye mu Novembala timu yathu ya mpira inalengeza kuti ikugulitsanso masheya a umwini wake.

Ndikudziwa mmene nkhope yanu yasinthira powerenga mawu amenewa. Ndinu amene munkauza bambo kuti limenelo ndi pepala lodula kuposa mapepala onse padziko: silibala phindu, siligulitsidwa, ngakhale pachipata cha bwalo sungalowe nalo. Zonsezo ndi zoona ndipo ndinkazidziwa. Koma mukukumbukiranso mmene bambo ankayankhira, kuti matimu ena onse ali ndi bwana wachuma amene akhoza kuwanyamula n'kupita nawo kumzinda wina, pamene yathu ndi ya anthu ogwira ntchito m'mafakitale, sipita kulikonse.

Kawiri konse masheya anawadutsa. Ulendo woyamba ng'anjo yotenthetsera nyumba inafa pakati pa chisanu, ndalama zonse zinapita kumeneko. Ulendo wachiwiri anachita za mawamawa mpaka anafika kupositi ofesi tsiku lotsekera litadutsa dzulo lake. Msomali uja anakhomeratu pabalaza, pansi pa wotchi, kuti adzakolekepo chikalata cha sheya, unakhala zaka khumi osakolekapo kanthu. Ankati ulendo wachitatu sawaphonya. Anawaphonya ndi sabata zitatu zokha.

Kuntchito kwanga, kufakitale ya tchizi, kunalibenso nkhani ina. Wina wagulira mkazi wake, wina wagulira khanda la masiku asanu, wina akudandaula kuti amukaniza kulembetsa galu wake. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinakhala pakompyuta kuti ndigule sheya imodzi, ya ine mwini, ndi ndalama zanga. Pamene panafunsidwa dzina, ndinapeza ndalemba la bambo, Orville J. Vandertie. Pamene panafunsidwa kuti angati, ndinalemba asanu, ndipo ndalama zanu zonse zinathera pomwepo.

Sindinaledzere, achemwali. Ndikanakonda ndikanaledzera, bwenzi ndili ndi chonamizira. Mpaka lero ndikadzifunsa chimene ndinkaganiza, mutu umangoima. Ndinadziuza kuti ndalamazo zikungogona mpaka Epulo, ndizigwira ntchito Loweruka lililonse, ndibweza wina aliyense asanadziwe. Mu Januwale fakitale inathetsa ntchito ya Loweruka. Ndidyeretu chire anasowa mbewu.

Kupusa kwanga sikunathere pomwepo. Polemba dzina la bambo ndinalembanso keyala ya bambo.

Tsiku lina masana amayi anandiimbira, mawu ali phee, akuti Lyle tabwera kuno, bambo ako alandira kalata. Ndinathamanga mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti mutu wawo wayamba kusokonekera. Ndinawapeza patebulo, chikalata cha masheya chili patsogolo pawo, dzina la bambo litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokongola. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa kuti kodi masiku ano akufa ayamba kugula mpira?

Ndinaulula zonse. Sanakalipe, sanalire. Anaphika khofi, anandithirira m'kapu ya bambo ija yobenthuka, kenaka anandilanda n'kutsanulira m'kapu ina. Ngati inu mukudziwa tanthauzo lake mundiuze, ine ndinachoka osadziwa ngati andikhululukira kapena andithamangitsa.

Chimene chandizunguza kwambiri ndi anthu a kuno. Ndimafuna wina andinene kuti ndine wakuba kuti mtima ukhale pansi, koma palibe akuchita zimenezo bwinobwino.

Ndinapita kwa a Duane kukapepesa kuti za Epulo zija sizitheka. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti Orville, nkhalamba yochedwa ija, wakhala mwini timu ali m'manda! Anaitana antchito awo kuti amve nawo. Kenaka anati pansi pa dzina adzalembapo mawu akuti mwini timu, zilembozo ulere, koma mwala wokhawo, mphwanga, si waulere, miyala sagula ndi chikondi.

Ndinakalapa kwa Bambo Mfumu Kowalke. Anandiuza mosabisa kuti kugwiritsa ntchito za mlongo wako iye osadziwa ndi tchimo, ndipo kuti ndisabwererenso kwa iwo ndisanakuuzeni. Ndinamva bwino pang'ono. Ndikudzuka kuti ndizipita, anandinong'oneza kuti kodi kugulitsako kwatsekedwa kale, chifukwa mphwawo wa ku Oshkosh sanamugulire.

Trudy ndiye ananditukwana masiku atatu. Anati ndine chitsiru chofunika kuika m'nyuzipepala, ndipo tsiku limene mudzafike iye adzakabisala kwa amayi ake. Tsiku lachinayi anabwera ndi felemu ya thabwa labwino, akuti chitsiru kapena ayi, chikalata cha apongozi ake sichingakhale mu envelopu. Anakachikoleka yekha pamsomali paja.

Ndinaimba ku ofesi ya timu kufunsa ngati pali njira yobwezera. Mayi amene anayankha anali waulemu kwambiri. Anati masheyawa sagulitsidwa, koma mwiniwake akamwalira amasamutsidwira kwa wachibale, chikalata chakale chimabwezedwa, chatsopano chimatuluka m'dzina la wamoyoyo. Anandifunsa kuti kodi amwalira liti. Ndinati pepani madzi akuwira pamoto, n'kudula foni.

Zonsezi mwina zikuseketsani, kapena zikukwiyitsani. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi.

Pa 9 Febuluwale, tsiku lobadwa bambo, amayi anapita okha kumanda osauza aliyense. Kachitsulo kolembedwa dzina kaja anazikapo a maliro kanali katakwiririka, kapena galimoto yokankha chipale inakagwetsa, sindikudziwa. Ponseponse panali mbee. Akuti anayenda uku ndi uku pafupifupi ola lathunthu, akuwerenga mapazi kuchokera pamtengo wa paini, mpaka anasankha malo, anagwada, anapemphera, anasiya maluwa.

Patapita masiku, wosamalira manda anawauza kutchalitchi kuti maluwawo anawaika pambali, pamalo opanda munthu. Ndi malo aja anagulira limodzi ndi bambo, achemwali. Anapemphera pamanda awo omwe.

Anandifotokozera akuseka, akuti bola ndawaona malowo, ndi abwino, mphepo siwomba kwambiri. Ine ndinatuluka kukakhala m'galimoto. Ndili ndi zaka makumi asanu, koma ndinalira ngati mwana. Mayi wa zaka 78 kusochera m'chipale kufunafuna mwamuna wake, chifukwa cha ine.

Mawa lake ndinabwerera kukawauza kuti ndaganiza zokonza zinthu. Ndilembera ku ofesi, ndinena zoona zonse, masheyawo alembedwe m'dzina lanu popeza ndalama zinali zanu. Ndinatambasula dzanja kuti nditsitse felemuyo.

Apo ndiye ndinawaona amayi atakwiya koyamba. Anati chotsa dzanja lako, iwe. Dzina la mwamuna wanga silichoka pamenepo mpaka mwala utaima. Unandilanda mwala, tsopano ukufuna undilandenso ichi? Panopa ndikafuna kuwerenga dzina lake ndipita kuti?

Trudy akuti m'mawa uliwonse amayi amachipukuta fumbi chikalatacho n'kuchipatsa moni. Lamlungu la masewero omaliza anatembenuza mpando wa bambo kuti uyang'ane wailesi ya kanema, n'kumauza khoma kuti anyamata ako akugwetsa mpira, Orville, uwalankhule, si ndiwe bwana?

Ndiye ndagwira njakata. Chimene ndinachita n'choipa, ndikudziwa, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Koma chinthu choipacho ndi chimene chikuwadzutsa amayi m'mawa. Ndikachisiya, ndikunamiza anthu a ku ofesi ndiponso ndikusunga zanu. Ndikachichotsa, bambo atsala opanda dzina paliponse. Sindikudziwa kuti ndilape chiti.

Bwato langa lophera nsomba ndaligulitsa Lachiwiri lapitali, ndipo mwala ndalipira. Koma a Duane akuti amene anabwera pa nthawi yake ali patsogolo, wathu uima mu Seputembala. Sindinatsutse.

Pempho langa ndi ili. Musasinthe ulendo wa mu Meyi. Bwerani ndithu. Ndidzakuchingamirani ndekha kubwalo la ndege, ndipo kuchokera kumeneko mpaka kunyumba mudzanditukwane mmene mungafunire, sindidzayankha. Koma tikafika pakhomo pa amayi, chikalatacho mudzachisiye pomwe chili mpaka Seputembala. Ndi chanu, muli ndi mphamvu yochitsitsa tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndikugwada.

Mundiperekere moni kwa alamu a Ruben, muwauze kuti ulendo uno akhoza kundiseka momasuka. Moni kwa Paige ndi Colton. Trudy akupereka moni, akuti iye alibemo mbali kupatula felemu. Mulungu akusungeni, akupatseninso mtima wofewa kuposa umene ndikuyenera.

Amayi akudziwa kuti ndikulemba, ndipo andituma mawu awa. Akuti maluwa a bambo musadzavutike kupita nawo kumanda. Mudzabwere nawo kunyumba, bambo mudzawapeza pabalaza.

Ine mlongo wanu wopusa,
Lyle