Makutu a Papepala

Lolemba, 3 Marichi

Msonkhano m'kantini. Mipando yosakwana, fani imodzi. Bwana wa kampani yathu ya ndege wabwera kuchokera kulikulu ku Santo Domingo ndi taye yake, walankhula mphindi makumi awiri. Ine ndatolapo mawu atatu basi: banja, zikomo, Epulo. Amawerenga chowerama, milomo yosaoneka.

Kompadre wanga Wilfrido, amene anaimira mwana wathu Yokasta pa ubatizo, wandilembera kuseri kwa kapepala komata pa sutikesi. Atigulitsa. Kuyambira pa 1 Epulo ntchito zonse zapansi zipita kwa kontrakitala. Okweza katundu, okankha ndege, ife oimika ndege, tonse. Wofuna kupitiriza akalembetse ngati watsopano. M'munsi wawonjezera kuti adzatipima thupi, ndi makutu omwe. Mawu oti makutu wawadula mzere kawiri.

Zaka 27 pa bwalo la ndege lino la Santiago. Ndikhale watsopano ine Confesor Almánzar, imvi mpaka m'mphuno.

Mkazi wanga Nurys wafunsa kuti msonkhano unali wa chiyani. Ndamuuza theka. Mpunga ndi nyemba, sindinamalize.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndilembe pano poti palibe adzawerenge. Khutu lamanzere linafa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Lamanja limamva ngati munthu akulankhulira mu ndowa. Zinadya ndi injini. Tili anyamata zotseka m'makutu tinkazikoloweka m'khosi, kudzionetsa umuna. Umunawo ndi uwu.

Akudziwa ndi Wilfrido yekha. Nurys amati ndili ndi mwano, ndimasankha zomva. Bola wamwano kusiyana ndi gonthi.

Pabwalo palibe vuto. Injini zikalira aliyense ndi gonthi, timalankhula ndi manja. Ndodo zanga ziwiri zalalanje: bwera, bwera, khota, pang'onopang'ono, ima. Chindege cha anthu 180 chimaima pamene ndanena ine, tayala pamzere wachikasu ndendende. Zakumbuyo kwanga amandimverera ndi Wilfrido. Galimoto ya katundu ikamabwerera chambuyo ikulira, iye amandigenda ndi golovesi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugendedwa, sindinadandaulepo.

Msana ukuwawa. Masutikesi a ku New York lero ngati alongedzamo miyala.

Loweruka, 8 Marichi

Kwabwera mayi wa kontrakitala, Licenciada Peguero, ndi mmene timaitanira mayi wa digiri kuno. Nsapato zoyera pabwalo la mafuta, wotchi m'manja, akuwerenga mphindi zathu. Si woipa nkhope. Wandifunsa kanthu nditayang'ana kumbali, ine ndati, "Inde, Licenciada." Wilfrido akuti amafunsa kuti ndili ndi zaka zingati. Waseka mpaka kutsamira ngolo.

Malipiro atsopano achepa, zimenezo ndazimeza. Chondigoneka chagada ndi inshulansi ya chipatala. Jakisoni wa shuga wa Nurys amachokera pamenepo, kawiri pa tsiku. Popanda ntchito palibe inshulansi. Pa zaka 54 andilemba ndani kwina?

Ndatopa ngakhale kukwiya.

Lachiwiri, 11 Marichi

Wilfrido wakapimidwa lero. Wabwera ndi nzeru zake, maso ali waliwali.

"Kompadre, n'kachipinda ngati chimbudzi cha m'ndege. Akuveka mahedifoni, akupatsa batani. Ukamva pii, dina. Nesiyo amakhala kuseri kwa galasi, ndipo akamatumiza kaphokosoko phewa lake lamanja limatsika pang'ono. Iwe wakalamba ukuwerenga zala za mapailoti pagalasi, likukanike phewa la nesi?"

Ndati kumeneko n'kuba. Iye akuti, "Kuba n'kumene atichita ifeku, iwe ukungotola chako chimene chagwa."

Mvula masana onse, ndege ziwiri zachedwa. Nsapato zikulowa madzi.

Lachisanu, 14 Marichi

Ndapita. Kachipinda kotentha, kofungatira, ndendende momwe ananenera. Nesi wamng'ono thupi, magalasi pamphuno. Phewa latsika, ndapuma kamodzi, ndadina. Latsika, ndadina. Kumanja ndinamvadi katatu, chapatali. Kumanzere zii, koma chala sichinaphonye ngakhale kamodzi.

Munthu wanzeru akanaphonyako dala kawiri katatu. Ine manja anga sanazolowere kulakwitsa, ndipo kunena zoona ndinayamba kukomedwa nazo.

Nesi watuluka akuyang'ana pepala, kenako ine. "Don Confesor, makutu awa ndi a mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mwawasunga bwanji?" Ndati ndimapemphera.

Ndagula nkhuku yootcha ndi nthochi zokazinga. Nurys wadabwa. Ndadya mbale ziwiri, koyamba mwezi uno.

Lachinayi, 20 Marichi

Mayina akhomedwa pa chitseko cha kantini. Pa anthu 41 atenga 23. Langa lilipo, lachitatu kuchokera pamwamba. La Wilfrido palibe. Akuti magazi ake amathamanga.

Tinaima pamenepo awiri, ine kuwerenga kachitatu ngati dzina lingamere. Iye n'kundimenya pamsana. "Mphunzitsi walephera, wophunzira wakhoza. Ugule mowa, galu iwe." Akuti mlamu wake ali ndi njinga yamoto, azinyamula anthu ku tauni ya Tamboril. Munthu wa mimba ngati imeneyo pa njinga yamoto.

Wandipatsa magolovesi ake. Akuti ndizidzigenda ndekha.

Ndinalowa m'chimbudzi, ndinakhalamo nthawi. Manyazi ndi chisoni, sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Lachitatu, 26 Marichi

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Licenciada wandiitana mu ofesi. Ndakhala moyang'anizana naye, ndamva zonse ndi maso. Kontrakitala safuna anthu awiri pamene mmodzi angakwane. Woimika ndege ndi amenenso azivala mahedifoni pokankha ndege. Ntchito imeneyo inali ya mnzathu Eladio: kulumikiza waya pansi pa mphuno ya ndege, kulankhula ndi pailoti, kumva akati mabuleki amasula, ndiye kuuza wa thirakitala kuti kankha. Eladio anadina batani mwachilungamo, anapezeka kuti khutu limodzi lachepa mphamvu, amuchotsa. Akuluakulu onse makutu ndi otha. Kupatula mmodzi.

"Pepala lanu ndi loposa onse, Don Confesor. Ndani winanso?" Akumwetulira, akuona ngati akundipatsa mphatso. Palinso kangachepe kowonjezera pa malipiro.

Pansi pa mphuno ya ndege pailoti saoneka. Palibe galasi, palibe phewa, palibe milomo. Mawu okhaokha m'waya.

Ndati zikomo, Licenciada. Ndasaina.

Eladio ndinakumana naye pageti atanyamula zovala zake m'jumbo. Anandigwira chanza, akuti zikuyendere. Amamva kuposa ine kakhumi.

Lachisanu, 28 Marichi

Chizungulire. Khofi makapu anayi. Ndavala mahedifoni a Eladio kuyesera, ndege ili chiimire. Makaniko amalankhula kuchokera m'mwamba, ine ndimamva ngati njuchi m'botolo. Ndati waya ndi wotha. Andipatsa wina watsopano, wa m'pulasitiki.

Lamulungu, 30 Marichi

Kwa Wilfrido, domino pansi pa mango. Bondo wakulunga bandeji, wagwa kale kamodzi ndi njinga ija. Nzeru zatsopano: akuti mapailoti amanena mawu omwewo tsiku lililonse, ndiloweze, ndinene anga, ndiwerenge mpaka faifi, ndikweze chala. Ndamufunsa kuti nanga tsiku limene adzanene zina? Wayang'ana madomino ake. Waponya lolakwika.

Madzulo ndamuuza Nurys. Zonse, phewa la nesi lomwe. Ndimayembekezera phokoso. Wapukuta m'manja, wabwera kutsogolo kwanga, wandigwira chibwano monga amachitira akafuna kundiuza kanthu.

"Madala, ndinasiya kukuitanani kuchokera kukhitchini zaka zisanu zapitazo. Mukuganiza kuti ndimayenda mtunda wonsewu chifukwa cha kukongola kwanu?"

Ndiye ankadziwa. Mwano uja ankangondiphimbira nawo, ngakhale kwa ine mwini.

Ndamufunsa kuti nditani. Watsegula firiji, wawerenga timabotolo ta jakisoni, akuti, "Alipo mpaka Meyi." Ndiye wapita kukasita yunifolomu yatsopano.

Lachiwiri, 1 Epulo

Ndikulemba pa benchi, kunja kwa ofesi ya Licenciada.

Yunifolomu yotuwa, yopanda dzina pachifuwa. Ndege yoyamba, ya 6:40, yopita ku New York, yodzaza. Zitseko zatsekedwa. Ndalumikiza waya. Ndanena mawu anga oloweza, m'Chingelezi changa cha pabwalo. Njuchi yayankha. Ndawerenga: wani, thu, firii, folo, faifi. Wa thirakitala, munthu wachilendo wa kontrakitala, akuyang'ana dzanja langa, phazi lili pa moto. Chala chinali chitayamba kale kukwera.

Koma njuchi sinasiye. Yapitiriza, sikisi, seveni, eyiti, ndipo mawu akukwera kumapeto ngati funso. Mwina amati mwadzuka bwanji. Mwina amati mabuleki akadali omanga, kapena kumbuyo kukudutsa ndege ina. Ndatembenuka kuti ndione Wilfrido. Simenti yokhayokha.

Ndapingasa manja. Ima.

Ndazula waya, ndayenda mpaka kutsogolo kumene pailoti angandione. Ndamuonetsa mahedifoni, ndapukusa mutu, ndakweza manja: tilankhule chonchi. Wagwedeza mutu, bambo wa imvi ngati ine. Nkhonya yofumbata, waitambasula, mabuleki amasuka. Tayikankha ndi manja okha, mwaukhondo, mzere osaphonya. Yanyamuka itachedwa mphindi khumi ndi zinayi. Chimene ananena m'waya muja mpaka pano sindikuchidziwa.

Licenciada wabwera chothamanga, nsapato zoyera zija m'madzi, wotchi m'mwamba. Waya wathanso? Ndikanati inde. Likanakhala bodza la tsiku limodzi, mawa lina.

Ndati, "Waya ndi wabwino, Licenciada. Ine sindimva. Pepala lija ndinaba." Ndiyenera kuti ndinakuwa, chifukwa okweza katundu onse anatembenuka.

Wandiyang'ana, kenako wanena kanthu akuchoka, atandipatsa msana. Wa thirakitala ndiye wandilozera benchi ino.

Papita ola limodzi ndi theka. Licenciada ali pa foni ndi a ku Santo Domingo, ndikumuona pagalasi, koma wakhala chammbali. Ndege ya 8:15 yafika, waiimika wina, tayala lapitirira mzere ndi phazi lathunthu. Sindikudziwa ngati andisiyira ndodo zanga, kapena masutikesi, kapena geti. Meyi si patali.

Akuti andiitana ndi dzina. Ndapita kwa mlonda wapakhomo, munthu amene ndakhala ndikumupatsa moni zaka khumi, ndamuuza kuti, "Achimwene, akaitana Almánzar mudzandigwire paphewa. Ndine gonthi."