Mtedza wa pakhomo pa a Ebelesi

Aphungu,

Mtima wanga uli m'mwamba. Mwana wanga Philomena anagwira ntchito yophika zaka zitatu ku Lusaka, kwa banja lina la chipembedzo cha Chibuda. Kumeneko anaphunzira kuti munthu asadye asanapatseko wina, ndipo wopatsayo asayembekeze zikomo. Tchalitchi chathu cha Reformed sanasiye, koma khalidweli wabwera nalo kuno ku Mlolo.

Tsono m'mawa uliwonse popita kumunda wakhala akusiya mtedza, pena ufa, pakhomo pa a Ebelesi, mayi wamasiye woyandikana nafe, osaodira n'komwe. A Ebelesi sanalaweko ngakhale kamodzi. Zonse amakataya m'chimbudzi, ati wina akufuna kuwapha ndi mankhwala. Pano akuloza chala Vivian, mkazi wa mwana wawo, poti anayambana chaka chatha. Loweruka lino akupita kwa sing'anga. Vivian wasiya ngakhale kupita kumjigo, akungolira.

Ndinamuuza Philomena kuti aulule. Anati, "Amayi, ndikanena ndiye kuti ndimafuna kutamandidwa. Mphatsoyo iwonongeka."

Ndikuopa. Ndikaulula, anthu adzati mwana wanga wabwera ndi zachilendo zoopsa. Ndikakhala chete, wosalakwa apsa. Nditani?

F.M., Mlolo, Chadiza

Mayi F.M.,

Mwana wanu ndi wamtima wabwino, koma waiwala kwawo. Kwathu kuno chakudya chosadziwika mwini wake sichilowa m'kamwa, njala ivute bwanji.

Ndinafunsa mnzanga wina wa Chibuda. Anagwira pakamwa, nati, "Ife timapereka ndi manja athu, maso ndi maso, mwaulemu. Zikomo sitimufuna, inde, koma sitipereka zoti wolandira agone ndi mantha." Mawuwa mukamuuze Philomena. Chinsinsi chakecho chikuteteza iye yekha, pomwe mnzake akuvutika.

Musadikire Loweruka. Pitani kwa a Ebelesi masana, mutenge mkulu wa mpingo mmodzi, ndipo Vivian akhalepo. Philomena agwade, anene ndi pakamwa pake kuti anali iye, apepese kwa onse awiri. Anyamule mtedza wina, ayambe watafuna yekha iwo akuona. A Ebelesi akaukana, musawakakamize. Mantha satha tsiku limodzi.

Anthu adzakunenani ndithu, mwina sabata ziwiri, kenako adzatopa. Koma sing'anga akangotchula dzina la Vivian, palibe kupepesa komwe kudzamuyeretse, ndipo ana ake adzakula akutchedwa ana a mfiti. Philomena akakana, valani chitenje mupite nokha.

Aphungu