Tsabola wa Mlamu Wanu

Lachinayi, 16 Okutobala

Okondedwa Asisi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Kuno tilipo. Maso a Mayi ndi omwe aja. Adokotala anawaletsa kuyandikira utsi, ndiye masiku ano amangokhala pampando pakhomo la lesitilanti n'kumalonjera makasitomala, ena mpaka kawiri. Ndasankha kulemba pamanja chifukwa pa foni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse musanayambe kundiweruza.

Ndikudziwa kuti munamva kale za tsabola wa njere za mapapaya amene watchukitsa mkazi wa achimwene. Mumaimbirana naye Lamlungu lililonse, pamene ine mumandiimbira mukafuna kudziwa ngati Mayi amwa mankhwala. Sindikudandaula ayi. Koma kodi anakuuzani kuti nzeruyo inachokera kwa ndani? Ndine. Zaka ziwiri ndi theka zimene ndinakhala ku yunivesite sizinapite m'madzi monga anthu amanenera. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti njere zimenezi zikauma n'kusinjidwa zimalowa m'malo mwa tsabola wakuda, komanso zimafewetsa nyama. Tsiku lina ndikudula mapapaya a makasitomala ndinasunga njere, ndinayanika, ndinasinja, ndinayeza pa sikelo, zonse n'kulemba m'kope. Nyamayo inatuluka yowawa ngati mankhwala. Achimwene analawa n'kuthamangira kusinki.

"Pulofesa, izi n'zochiza matenda anji?" anandifunsa. "Tiuzeni, mwina tili nawo."

Ndinataya ufa wotsalawo n'kuiwalako. Koma mlamu wanu, munthu amene ngakhale pulayimale sanamalize, anayamba kusunga njere m'kambale pawindo. Sindinasamale. Patatha milungu itatu, a telala oyandikana nafe aja, amene adya kwathu zaka khumi osayamikapo ngakhale mchere, anasuzumira kukhitchini n'kufunsa kuti waphika ndani. Amakaniko anayamba kuitanitsa "nyama ya Alamu". Mayi analawa, anatseka maso, n'kunena kuti, "Mpongozi wangayu ali ndi dzanja."

Dzanja! Nanga ine ndili ndi chiyani, ziboda?

Kenako Mayi analengeza tikudya kuti mwezi ukatha apereka kiyi wa khitchini kwa iye, kuti azigula zinthu ndi kusankha zophika. Asisi, ine ndinaphunzira kuyenda nditagwira mwendo wa tebulo la m'khitchini imeneyo. Nditabwerako ku yunivesite mutu uli pansi, ndi malo okhawo amene sanandifunse za satifiketi. Ndiye ndizipempha anyezi kwa munthu amene anabwera dzana ndi kachikwama kamodzi?

Tsopano imvani mbali imene iye sanakuuzeni. Loweruka la milungu iwiri yapitayo anamwino makumi anayi anaitanitsa chakudya chamasana chotsanzikana ndi mnzawo wopuma pantchito, ndipo ananenetsa kuti akufuna nyama yomweyo. Mlamu wanu anaipaka tsabola wake m'mawa, anaika beseni m'firiji, n'kupita kumsika kukagula matimati. Ine ndinazungulira kuseri, ndinathyola mapapaya anayi osapsa, ndinawachekacheka khungu kuti utomoni udonthere m'kapu, ndinasinjiramo njere zaziwisi, kenako ndinasakaniza zonsezo ndi nyama ija ndi manja angawa. Ndinkangofuna kuti ifewe mopitirira pang'ono, anthu adziwe kuti nayenso amalakwitsa. Mmene utomoni umagwirira ntchito ndimadziwa bwino, mayeso ake ndinakhoza. Chimene sindinawerengere n'chakuti nyamayo ikhala mmenemo maola asanu.

Itafika pamoto inangosungunuka. Panalibe nthuli yoti n'kubaya ndi foloko, zinali matope okhaokha, kuwawa kwake kosaneneka. Nthawi yogula ina inali itatha. Mkulu wa anamwino anavundula ndi supuni, anayang'ana Mayi n'kunena kuti, "Amayi, zoterezi ife timamwetsa odwala osatha kutafuna." Anzake anaseka mpaka misozi. Mayi anapepesa tebulo ndi tebulo, akupapasa mipando.

Anthu atapita Mayi anatiitana tonse. Kwa mpongozi wawo anangoti, "Ndinakukhulupirira, mwanawe." Kenako anamasula kiyi pa lamba wa chikwama chawo n'kundipatsa ine. "Zoyesayesazi zimafuna munthu wa sukulu," anatero.

Mawu amenewo ndawadikira zaka zisanu. Sindikunamizani, anandikomera. Ndinamva ngati ndavala mkanjo wa omaliza maphunziro uja umene anzanga anajambulitsa nawo zithunzi ine kulibe.

Mlamu wanu sanalire, sanadziikire kumbuyo. Tikutsuka mapoto anayang'ana manja anga. Anali atafiira, pakati pa zala patatuluka timatuza, ndipo ndinkalephera kuleka kukanda.

"Alamu, pakani mafuta," anatero chapansipansi. "Utomoni umatentha khungu."

Basi. Sanauze Mayi, sanauze ngakhale mwamuna wake. Masiku ano amadula anyezi ndi kutsuka mbale, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa mwaulemu kuti, "Lero tiphika chiyani, Alamu?" Bola akananditukwana, ndikanadziwa pomuyankhira. Munthu wotani amene ngakhale pokhululuka amafuna akhale woyamba? Achimwene ndiwo akwiya m'malo mwake, kwa Mayi. Akuti ayamba kumufunira malo ena ophikira.

Vuto langa nali. Makasitomala akufunabe nyama ija, ndipo m'botolo limene iye anasiya mwatsala masupuni awiri okha. Ndayesa kasanu ndi kanayi kupanga wanga. Ndatsuka njere, ndachotsa kachikopa koterera kaja, ndayanika padzuwa, ndayanika pamthunzi, ndakazinga pang'ono, ndakazinga kwambiri. Kope latsala pang'ono kudzaza. Zonse zikuwawa. Lachiwiri ndinayesa kuthira wanga osanena. A telala anatafuna kamodzi n'kufuula kuti, "Lero wophika wakwiyira ndani?" Mlamu wanu anali pomwepo akupukuta tebulo, sanadzutse n'komwe mutu. Pali chinachake chimene amachita, kanthu kakang'ono, ndipo pamene ankachita ine ndinali wotanganidwa ndi kumunyoza.

Choncho ndikupempheni, Asisi. Lamlungu mukamuimbira, mumufunse mmene amakonzera njerezo, ngati kuti mukufuna kuphikira bambo a kunyumba. Mumufunse zonse: mapapaya ake akhale okupsa bwanji, amatsuka ndi chiyani, amayanika masiku angati, amakazinga zokha kapena amasakaniza ndi china. Mulembe, musadalire mutu wanu, ndimaudziwa. Dzina langa lisatuluke. Musandiuze kuti ndikamufunse ndekha, chifukwa angandiuze, ndipo angandiuze akumwetulira.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba. Ana muwauze kuti azakhali awo akuti alimbikire sukulu, amalize, asamve za munthu. Achimwene akupereka moni, ngakhale sakundiyankhula bwinobwino. A telala akuti mudzabwere ndi diresi lija adzakubwezereni m'chiuno.

Mlamu wanu nayenso akupereka moni. Masana ano nditanena kuti ndikukulemberani, anati ndikuuzeni kuti wakusowani, kenako anafunsa ngati manja anga apola. Sindikudziwa ngati anachitira dala, nkhope yake simungaiwerenge. Mayi anali pakhomo pomwepo.

"Manja atani?" anafunsa.

Ndinati ndinapsa ndi poto. Anandiitana, anagwira manja anga onse awiri, anayendetsa chala chawo pakati pa zala zanga nthawi yaitali. Mukudziwa kuti Mayi apsa ndi mapoto zaka makumi atatu, chilonda cha poto amachidziwa. Kenako anati ndiwabwereke kiyi, pali kanthu kamene akufuna kutenga m'kabati. Kabatiyo sanaitsegule, ndipo mpaka pano akadali pampando wawo, kiyi ali m'manja.

Akakuimbirani kufuna maganizo anu, chonde muwakumbutse kuti mwana wawo ndine.

Ndine mng'ono wanu,
Uja mumati Pulofesa