Foni ya Bambo Isakuyambirire Kulankhula

Wokondedwa mlongo wanga,

Uli bwanji kumeneko? Nseru ija yayamba kuchepa? Ine kuno ndili bwino, ndipo chimwemwe chandidzaza moti anzanga kuntchito akundifunsa ngati ndakwezedwa. Sindinawauze kuti ndikukhala malume.

Ndisanapite patali, tigwirizane zinthu zitatu. Choyamba, kalatayi uwerenge wekha. Ndaipatsira alamu dala, chifukwa uthenga wa pafoni ukanafikira m'manja mwa Bambo. Chachiwiri, usafufute pulogalamu yathu ija ya zaumoyo, muli mbiri yonse ya kuthamanga kwa magazi kwa Bambo. Chachitatu, zimene ndikuuzezi uchite tsiku lako la sikelo lisanayandikire.

Alamu atandinong'oneza nkhani yabwinoyi, anawonjezera kuti chigwereni foni yako m'madzi ukugwiritsa ntchito ya Bambo, ndipo masiku a sikelo unalemba m'pulogalamu yathu. Anati sunawauzebe makolo, ukudikira miyezi yoyambayi idutse. Ndinawakumbatira, kenaka ndinakumbukira vuto limodzi. Pulogalamu imene ili m'foniyo sidziwa kuti waigwira ndani. Tsiku likayandikira idzalira, n'kulemba kuti mayi woyembekezera akonzekere sikelo. Ndipo ukuwadziwa Bambo: chithyokereni magalasi awo, foni ikalira amapatsira aliyense ali pafupi kuti awawerengere mokweza, kaya ndi kwa wometa, kaya ndi pamzere wa kuchipatala.

Mwamwayi, imeneyi ndiyo ntchito imene ndakhala ndikulimbana nayo, ndipo yatheka! Tsopano pulogalamuyi ili ndi khomo. Aliyense azilowa ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi, n'kuona zake zokha. Anzanga ankafuna kuti foni imodzi izikhala ya munthu mmodzi. Ndinawauza kuti kwathu foni imodzi imadutsa m'manja mwa banja lonse dzuwa lisanalowe. Abwana anagwedeza mutu n'kunena kuti ndipange mmene ndikuonera.

Khomolo silinandivute kwambiri. Chimene chinanditulutsa thukuta ndi kuiphunzitsa kukumbukira. Iyenera kudziwa nthawi zonse kuti walowa ndani ndipo anafika pati. Batire ikatha uli pakati polemba, ukayatsanso n'kulowa uzipeza pomwe unasiyira. Koma ukaisiya patebulo kwa kanthawi, izidzitseka yokha, ndipo chikumbutso chikabwera chizingoti pali uthenga, osatchula za sikelo. Ndinaiyesa m'njira zonse: kuzimitsa netiweki, kuthimitsa foni mwadzidzidzi, kulowa ngati iwe n'kutuluka n'kulowa ngati Bambo. Mnzanga wa desiki loyandikana anati ndikapitiriza foniyo ikandisumira. Pano amanditcha a Nanga-Zikavuta. Aziseka, koma pulogalamuyi sinasokoneze anthu ngakhale kamodzi.

Tsono pempho langa ndi ili. Pita ndi foniyo pamene netiweki imagwira bwino, paja ndi pawindo la kukhitchini, ndipo ikafunsa ngati ukufuna pulogalamu yatsopano, vomera. Ikatsegula, idzakuonetsa zonse zakale n'kufunsa kuti ndi za yani. Za sikelo uike pa dzina lako, za magazi pa dzina la Bambo. Chonde usasemphanitse, tingakapeze anamwino akufunsa Bambo kuti mwana akusuntha bwanji. Nambala yako isakhale chaka chako chobadwa, Amayi angailote ali m'tulo. Ya Bambo asankhe okha, koma uwayang'anire, chifukwa ndikuwadziwa adzafuna kuilemba kuseri kwa foniyo. Akakufunsa chifukwa chake, ungoti mwana wawo uja wa makompyuta akufuna amuyesere ntchito yake. Si bodza, ndipo adzanyadira.

Undiperekere moni kwa Amayi ndi Bambo, kwa azakhali, ndi kwa mng'ono wako wovuta uja. Iwe uzipuma, usamanyamule zolemera.

Ukamaliza, unditumizire mawu amodzi okha pafoni: ndalowa. Aliyense angawawerenge mokweza, palibe adzamve kanthu. Usachedwe, chifukwa mpaka ndiwaone ndizingoyang'ana foni ngati mlonda. Nkhaniyi ndi yako, mlongo wanga. Bambo adzaimve pakamwa pako, atakhala pampando wawo, osati kwa wometa tsitsi lumo lili pakhosi.

Ndine mlongo wako wa nkhawa uja,
amene wayamba kale kufunsa mitengo ya tinsapato